Kukadwazika ku Chipata

Lachiwiri, 15 Okutobala 2024. M'basi yochoka ku Lusaka

Uthenga unandipeza Lamulungu usiku, wakuti amayi aakulu awagoneka m'chipatala ku Chipata, miyendo yatupa ndipo akubanika popuma. Ndiwo anandilera amayi anga atatisiya, ndiye panalibe zofunsa. Dzulo ndinapempha tchuthi kuntchito, lero kusanache ndinali kale pa Intercity, anyamata oitanira akukokerana chikwama changa. Tikiti K400, ndipo katoni ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira anandilipitsa payokha.

Basi isananyamuke munakwera mlaliki wovala jekete, Baibulo lake losasuka m'mphepete. Anatiuza titseke maso. Anawaza magazi a Yesu pa matayala, pa mabuleki, pa chiwongolero, anamanga mzimu wa ngozi nkuuponya kuphompho, kenaka anayenda mpando ndi mpando kulandira chimene Mulungu waika pamtima pa aliyense. Tisanatuluke m'tauni anatsika. Bambo wina kumbuyo anati, "Abusa atsika, Manenekela atisiyira ife!" Tonse tinafa nalo phwete.

Ine kupemphera ponyamuka sindidana nako. Chimandivuta ndi kalankhulidwe kolamula kaja, kokhala ngati Mulungu ndi mlonda amene tamupeza akuodzera pageti. Komabe titafika pa mapiri a Manenekela, pamene msewu umakhotakhota m'mphepete mwa maphompho, nkudutsa thiraki itagona chammbali, ndinangodzimva ndikunong'ona kuti "Ambuye tigwireni." Mawu awiri basi. Mayi amene ndakhala nawo mpando umodzi anatulutsa korona m'chikwama nkuyamba kuifyatira m'manja.

Pa Luangwa Bridge tinaima kuti tidye. Kutentha kwa m'chigwa muno m'mwezi uno nkosasimbika, mpweya umachita kuwotcha m'mphuno. Nsomba zouma zili mbwee pamathandala, madengu ndi mphasa zapachikidwa msewu wonse. Ndinagula nsomba yokazinga ya K40, mayi aja anagula madzi ozizira tinagawana. Kuwoloka mlatho, msewu umasalala mpaka kumalire a Mwami, ndipo ndinagona tulo toduladula: nthochi za pa Nyimba zikulowa pazenera, Petauke, Sinda, Katete. Nthawi zonse ndikatsegula maso ndimaona minda ili mbee, anthu akuunga mizere m'fumbi, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe.

Usiku womwewo, Kapata

Talowa m'Chipata dzuwa litapendeka kwambiri, nthawi yoona odwala itatha. Foni ya alongo anga yazima, kwawo kulibe magetsi kuyambira dzulo. Ndinaima pasiteshoni ndi katoni yanga osadziwa kolowera. Mayi a korona aja anangoti, "Mwanawe, mlendo sagona panja ife tilipo, tiye." Anaitana anyamata awiri a njinga, K10 aliyense, tinatsetserekera ku Kapata.

Nsima ya nyemba ndi chiwawa chotendera tinadyera pa kandulo. Titatha kudya banja lonse linagwada pamkeka, chifukwa kwa Akatolika Okutobala ndi mwezi wa korona. Ine ndinakulira mu Reformed, kumene tinaphunzitsidwa Mateyu 6:7, kuti popemphera tisabwerezebwereze mawu chabe, ndiye ndinakhala pambali manja pamiyendo. Koma ndinayang'anitsitsa. Asanayambe chigawo chilichonse, agogo a pakhomopo amatchula munthu: mdzukulu amene alembe mayeso a giredi 12, mwana wawo woyendetsa thiraki ku Beira, mnansi woferedwa. Pa chigawo chachinayi anati, "Ndi amake a mlendo wathuyu, amene ali m'chipatala." Anthu amene m'mawa uno sankadziwa kuti ndiliko. Kamnyamata kakang'ono kamaodzera, kukadzidzimuka nkulowa m'mawu pamene anzake afika. Atafika pa Atate athu ndinalowa nawo, mawu awo ndi athu akusiyana pang'ono apo ndi apo koma tikuthera pamodzi.

Kubwereza kumene Yesu analetsa, ndikuganiza, nkwa munthu woyesa kuti adzamveka chifukwa cha kuchuluka kwa mawu. Awa amabwereza kuti pakamwa pakhale ndi chogwira pamene mtima uli kwa amene watchulidwa. Sindinagule korona ayi, koma ndagona bwino.

Lachitatu, kuchipatala

Amayi aonda kumaso, miyendo yokha ndiyo yakula. Adokotala akuti mtima wafooka, sukupopa bwino magazi, nchifukwa chake madzi akudzaza m'thupi. Akuwapatsa mankhwala ochotsa madzi ndipo mchere awaletseratu. Atandiona anati, "Wabwera ndi ndalama za yani?" Ndiko kulonjera kwawo.

Ndalowa m'malo mwa mlamu wanga amene wadwazika kuyambira sabata yatha. Odwazika tili ndi malo athu ophikira, mbaula zili ndandanda, aliyense ndi kapoto kake. Makala K20 kapulasitiki kosakwana kuphikira kawiri. Mayi wina wochokera ku Lundazi, amene amalankhula Chitumbuka ine nkumayankha Chichewa, anandipatsa moto ndi mthiko osandifunsa dzina.

Nthawi yoona odwala ikakwana, wodi imasanduka msonkhano wa mipingo yonse. Pabedi ili Achiseveni akuimba motsitsa mawu, apo amayi a Chikatolika abweretsa Ukaristia, uko anyamata a Pentekosite agwirana manja akudzudzula matenda mpaka anamwino awapempha achepetse. Pakona pali banja la Chisilamu, bambo atambasula manja chamumtima. Kwa ife kunabwera akulu a mpingo awiri, anawerenga Salmo 121 nkupemphera mwachidule, zipewa zili m'manja.

Anthu onse atatuluka ndi pamene ndinaona gogo wa pabedi loyang'anizana nafe. Alibe womuona. Milomo yake imangogwedera, mawu osatuluka. Ndinayesa kuti akufuna madzi, ndinapita ndi kapu, iye anangondikweza dzanja kuti dikira. Atatha anati, "Ndimalankhula ndi Atate, tsopano bweretsa." Ndinakumbukira Hana ku Silo, amene anapemphera chimodzimodzi mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Pa mapemphero onse a lero, a gogoyu ndiwo andikhala m'mutu.

Lachinayi

Lero tinakangana ndi alongo anga, mwana woyamba wa amayi aakulu. Anabwera ndi kabotolo ka madzi ndi kena ka mafuta zochokera kwa mneneri wina wa mumzinda muno, zonse K250, ndipo akuti mneneriyo wanena kuti matendawa ngochita kuponyedwa, mankhwala a kuchipatala sangathe. Akufuna tiwatulutse amayi tikawagoneke kumapemphero masiku atatu, kuwonjezera "mbewu" ya K1,000.

Ndinati, "Achimwene, pa Yakobo 5:14 palembedwa kuti wodwala aitane akulu a mpingo, amupempherere ndi kumudzoza mafuta. Mtengo wake walembedwa pa vesi iti?" Ndinawakumbutsanso za Simoni wa ku Samariya amene anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, ndi mmene Petro anamukalipira. Iwo anati ine ndi wa m'tauni, chikhulupiriro chinandithera m'maofesi. Akuti amene apempha ndi chikhulupiriro amalandira, ndipo ngati sanalandire ndiye kuti anakayika.

Mawu amenewa ndi amene amandipweteka kwambiri, chifukwa amasenzetsa wodwala katundu wachiwiri. Kudwala adwale, kulakwa kukhalenso kwake. Nanga Paulo, amene anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake nkuyankhidwa kuti "chisomo changa chikukwanira", anali wokayika? Davide anasala kudya nagona pansi chifukwa cha mwana wake, mwanayo anamwalirabe. Mwini wake Yesu m'Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, namaliza ndi kuti si kufuna kwanga ayi koma kwanu, ndipo m'mawa mwake anali pamtanda. Ngati pemphero ndi njira yopezera chimene wafuna basi, ndiye kuti atatu onsewa analephera.

Koma ndisawaweruze kwambiri alongo anga. Agulitsa nkhumba kuti apeze K250 imeneyo, chaka chimene sanakolole kanthu. Munthu ukaona mayi ako akubanika umafuna kuchitapo kanthu ndi manja ako, ndipo mneneri amakupatsa chogwira: botolo, malangizo, tsiku. Abusa athu amakupatsa "tiyembekeze Ambuye", chimene nchovuta kuchinyamula.

Anatiweruza ndi amayi eni ake. Tinkayesa agona. Anatsegula maso nkuti, "Mafutawo ndidzoleni kumapazi, akung'aluka. Koma pano sindichoka. Mulungu amene akudziwa kwa mneneriyo, kuno sakudziwako?" Amalume atafika madzulo anagamula chimodzimodzi, nkhani inathera pomwepo. Mafuta tawadzoladi, ndipo kunena zoona mapazi afewa.

Lachisanu, 18 Okutobala

Lero ndi tsiku la mapemphero a dziko lonse, maofesi ngotseka. Analikhazikitsa a Edgar Lungu mu 2015, chaka chimene kwacha inagwa kwambiri ndipo magetsi ankazimazima. Zakumbuyo kwake tonse tikuzidziwa: a Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mawuwo analowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996. Pa wailesi ya mayi wa ku Lundazi uja, Radio Maria ndi Breeze FM zonse zinali ndi mapemphero, ambiri opempha mvula.

Ndinapita kumsika wa Kapata kukafuna nkhuku yachikuda yoti ndiwaphikire msuzi wopanda mchere. K150, ndinanenerera mpaka K130. Ufa thumba la makilogalamu 25 wadutsa K300. Podikira kuti andinyonyolere nkhuku ndinamvera mkangano wa abambo ogulitsa makasu. Wina amati chaka chatha tinapemphera tsiku ngati lomweli, mvula inadula mu Januwale chimanga chili m'mawondo, mpaka a Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi ngozi ya dziko. Madzi ku Kariba atsika, magetsi tikuwaona pakati pa usiku. "Ndiye tinapindulanji?" Wina amati vuto ndi machimo athu. Wachitatu amati vuto ndi mitengo imene tatha nkuotcha makala, tisamunamizire Mulungu.

Mkulu wina amene amasankha khasu, akuliyeza kulemera m'manja, anati makolo athu ankapita kukachisi ndi nsembe kukapempha Chauta mvula, ena mpaka kwa Makewana ku Msinja, ndipo nawonso zaka zina ankabwerako kumwamba kuli gwa. Sanaleke kupita, sanalekenso kulima. Analipira khasu lake nkumapita.

Maganizo anga ndi akuti tsiku lotere lili ndi phindu ngati otsogolera agwada monga anthu ofunika kukhululukidwa, osati monga alendo olemekezeka pa mipando ya kutsogolo. Dzina lake lonse limatchula kusala kudya, kulapa ndi kuyanjana, koma chimene timamva kwambiri ndi kupempha. Ndipo kupempha mvula sikulowa m'malo mwa kufikitsa feteleza kwa alimi nthawi yake. Ine sindinasale, odwazika sasala.

Loweruka, njira ya ku Magwero

Amayi anandituma kumudzi kukatenga Baibulo lawo, buku la nyimbo ndi magalasi. Ndinakwera njinga yamoto, K80 kupita ndi kubwera. Mnyamata wake amathamanga m'mchenga mpaka tayala lakumbuyo kumavina, ine nditamukakamira malaya, mtima uli phaphapha. Ndinafika fumbi lili m'mano.

Dera lino ndi kumene mpingo wathu unayambira. Amishoni a Dutch Reformed anamanga msasa pa Magwero mu 1899, chaka chimodzi Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa ndi Angerezi, ndipo mpaka lero pali sukulu za ana osaona ndi osamva. Amayi amanyadira kuti agogo awo anaphunzira kuwerenga pa sukulu ya mishoni, ndipo Baibulo limene ndatengali ndi Buku Lopatulika la kalembedwe kakale, lija linatuluka koyamba mu 1922. Chikuto chinatha, analisokera m'kansalu ka chitenje. Masamba a Masalmo ada ndi zala, pomwe a Levitiko ali ngati atsopano.

Chimene chinandidabwitsa ndi munda. Ndimayembekeza kuupeza uli thengo, poti mwini wake wadwala kuyambira Ogasiti. Ndinaupeza wososa, theka lake mizere itaungidwa kale. Amayi a Chigwirizano ndiwo achita. Mmodzi wa iwo, amene amasunga kiyi wa nyumba, anandiuza kuti anakumana kuti awapempherere, ndipo ali mkati mopempha kuti Ambuye akumbukire munda wa mnzawo, mtsogoleri wawo anati amen nkufunsa kuti, "Nanga makasu tili nawo ndife, tikuuza yani?" M'mawa mwake anapita anthu asanu ndi anayi. Anandipatsa thobwa m'chigubu ndi mazira kuti ndikapereke, ndipo anakana ndalama ya sopo imene ndinafuna kuwasiyira.

Ndinaonanso malire amene akhala akukanganirana ndi alamu awo, mng'ono wa malemu amuna awo. Chaka ndi chaka bamboyo amadya mzere umodzi kapena iwiri, nkhani inafika kwa anyakwawa koma sinathe. Chaka chino walowanso. Sindikawauza amayi.

Lamulungu usiku, m'wodi

Kutchalitchi sindinapite, ndinachapa. Thupi lonse likuwawa chifukwa chogona pansi pa simenti, ndipo usiku wathawu kunamwalira munthu pabedi lachitatu kuchoka pa ife. Anamutchinga ndi nsalu, tinangomva mawilo a kabedi kotulutsira. Ndinachita mantha kwambiri, ndinakhala tsonga mpaka kucha ndikuwerenga mpweya wa amayi. Chakutali kuphiri kumamveka anthu a mapemphero ochezera akuimba.

Madzulo ano anandiuza ndiwawerengere Salmo 13, lija Davide amafunsa kuti mudzandiiwala kufikira liti. Ndinati bwanji tisankhe lina lolimbikitsa. Anati, "Werenga lomwelo. Ukuyesa Mulungu ndi mlendo woti tizimubisira kuti m'nyumba mulibe ufa?"

Kenaka anayamba pemphero lawo la usiku, limene ndinkalimva ndili mwana koma osalimvetsera. Ayamba ndi kuyamika, ndipo amatchula zinthu zenizeni: msuzi wa nkhuku, namwino wa usiku amene ali ndi dzanja lofewa, kuti lero ayenda okha mpaka pakhomo. Kenaka kupepesa. Kenaka maina, ana, adzukulu, gogo wa pabedi loyang'anizana nafe, mvula. Za matenda awo ananena kamodzi kokha, kuti ngati nkotheka akaone chimanga cha chaka chino chikumera. Chakumapeto ndinamva atchula alamu awo aja, kuti Ambuye awapatse mvula yabwino ndi thanzi.

Atatha ndinafunsa. "Amayi, munthu amene akukuberani munda?"

Anati, "Nanga pa Mateyu 5 palembedwa kuti tizipempherera otikonda okha? Ndinayamba chaka chimene anandilanda mizere ya kudambo. Poyamba dzina lake limandikakamira pakhosi. Kumukonda sindinayambe, usandinamizire. Koma kumutemberera ndinaleka, ndipo tulo ndimagona. Munda ndidzaulondolabe kwa anyakwawa ndikatuluka."

Zaka zonsezi bamboyo sanasinthe. Asintha ndi amayi, amene ndikuwakumbuka ndili wamng'ono anali munthu wosunga mangawa mpaka chaka. Ndinafunsanso ngati sakhumudwa kuti apemphera kuyambira Ogasiti osachira. Anati pa Ambuye sanapite kukatenga katundu, anapita kukakhala, ndipo wopita kukakhala sabwerako chimanjamanja ngakhale amumane chimene anapempha. Kenaka anandiuza ndizimitse tochi ya pafoni, ikuwathobwa m'maso.

Ine pemphero langa la masiku ano lafupika kwambiri. Nthawi zina ndimangoti "Ambuye, mukuona." Pa Aroma 8:26 palembedwa kuti sitidziwa chimene tizipempha monga chiyenera, koma Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosaneneka. Vesi imeneyi ndinailoweza ku Sande sukulu kuti ndipate pensulo, lero ndiyo ikundigwira ntchito.

Lolemba, 21 Okutobala

Adokotala akuti madzi atsika, Lachitatu akhoza kutuluka. Kuchira kwenikweni ayi: mankhwala ndi a moyo wonse, mchere asaulawenso, khasu asaligwirenso, ndipo mwezi uliwonse azibwera kudzapimidwa. Alongo anga akuti ndi mafuta aja. Anamwino akuti ndi mapiritsi. Amayi akuti onse awiri akhale chete awapatse phala.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amalume kugawana ntchito. Ine ndizitumiza ndalama ya mankhwala ndi ya galimoto pafoni mwezi ukatha, mlamu azibwera nawo kuchipatala, alongo anga alime mundawo ndipo akaonane ndi anyakwawa za malire mvula isanagwe. Nkhani ya mizere yatsopano ija amalume akuidziwa tsopano, ati aisamala okha. Gogo wa pabedi loyang'anizana nafe tamusiyira shuga ndi sopo wotsala, ndipo akulu a mpingo alonjeza kuti azimuona ngakhale si wa mpingo wathu.

Ndinadutsa ku Kapata kukatsazika kwa mayi anandisunga aja, ndinawatengera chitenje cha ku Down Shops. Anakalipa kuti ndawononga ndalama, kenaka anachivala pomwepo. Akuti mdzukulu uja mayeso ayandikira, ndizimukumbuka, ndipo ndalemba dzina lake m'foni kuti ndisaiwale.

Tikiti ya mawa ndagula kale, basi inyamuka mbandakucha. Ndimafuna kutenga mtedza wa chalimbana wa anzanga kuntchito, koma ndi chilalachi mtengo wake wandibweza, ndangogula kambale kamodzi. Akadandaula ndidzawauza abwere okha adzanenerere.